Mthengu ndi Malipiro a Mlonda

M'thengo la mitengo ya mombo ndi ya tsanya, ndiponso m'mphepete mwa minda ndi madambo, mumakhala mbalame yakuda bii imene mwana ali yense woweta mbuzi amaidziwa. Dzina lace ndi mthengu, ndipo kwina amati nthengu. Mbalameyi imapezeka m'maiko ambiri a kum'mawa, a pakati ndi a kumwera kwa Afirika. Siikonda nkhalango yowirira. Imafuna thengo la mitengo yotayana, kumene ingathe kutera pa nthambi youma ndi kuona patali. Anthu ambiri amaipitirira osaiyang'ana kawiri, pakuti iribe nthenga zokopa maso. Komatu makhalidwe ace amautsa funso limene lakhala likubvuta anthu oganiza kuyambira kale, ndilo ili: munthu amene amathandiza anzace masiku ambiri, koma nthawi zina nawanamiza kuti apezepo kanthu, kodi ali ndi mlandu, kapena zabwino zace zimafafaniza bodza lace? Mbalameyi iri nazo zambiri zounikira funsoli, koma nkofunika kuyamba kuidziwa bwino, maonekedwe ace, kadyedwe kace ndi kamangidwe ka cisa cace.

Maonekedwe ndi liu lace

Mthengu ndi wamng'ono thupi. Kucokera ku mlomo kufika ku nsonga ya mcira ndi masentimita monga 25, ndipo kulemera kwace sikuposa kwa dzira la nkhuku. Nthenga zace zonse ndi zakuda, ndipo dzuwa likamuomba zimanyezimira ngati mpeni wosulidwa kumene. Diso la mthengu wamkulu ndi lofiira. Cimene amadziwika naco msanga ndi mcira wace wautali, wogawika pawiri ku nsonga monga cipsepse ca nsomba. M'mabuku a sayansi amachedwa Dicrurus adsimilis, ndipo mau oyambawo ndi ocokera ku Cigriki, onena za mcira wa mphanda umenewu. Mlomo wace ndi wolimba, wopindika pang'ono ku nsonga, ndipo patsinde pace pali ubweya wouma wonga ndebvu. Miyendo ndi yaifupi, cifukwa cace sakonda kuyenda pansi monga acitira njiwa ndi nkhwali. Wamwamuna ndi wamkazi amafanana kotero kuti munthu sangawasiyanitse ndi maso. Mwana wace ali ndi timawanga totuwa pa cifuwa ndi pamimba, ndipo diso lace limayamba lodera lisanafiire.

Mthengu ndi mmodzi wa mbalame zolawirira kulira mbandakuca, ndipo madzulo amacedwa kukhala cete. Nyimbo yace siikoma kweni-kweni. Amasakaniza malikhweru ndi mau okhadzula, onga kulira kwa gudumu la ngolo losadzozedwa mafuta. Koma akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo mthengu amadziwa nyimbo za eni ace ambiri: amatha kutsanzira kulira kwa mbalame zina, ngakhale kwa akabawi, mofanana zedi.

Cina cimene amachuka naco ndi kulimba mtima. Kabawi, khwangwala, kadzidzi, ngakhale ciombankhanga cimene cimamuposa kulemera nthawi makumi-makumi, zikayandikira mtengo wace amazithamangitsa ali kukuwa, nazijompha pamsana kufikira zitacoka. Mbalame zazing'ono zimapindula nako kulimba mtima kumeneku. M'miyezi ya cisanu, pamene mbalame za mitundu-mitundu zimayenda pamodzi m'thengo la mombo kufuna cakudya, kawiri-kawiri mthengu amakhala pakati pao, ndipo adani akamadza iye ndiye amakhala mmodzi wa oyamba kuwaona.

Kadyedwe kace

Cakudya ceni-ceni ca mthengu ndi tizirombo touluka. Amakhala njo pa nthambi yoonekera, pa citsa kapena pa waya, akuunguza uku ndi uku. Akaona ciwala, gulugufe, kafadala kapena njuci, amaulukira komweko, nacigwira m'malere, nabwerera pa nthambi yace. Mvula yoyamba ikagwa ndipo inswa zikamatuluka pa culu, amadya mpaka kukhuta. Alimi a njuci samukonda, cifukwa amatera pafupi ndi ming'oma ndi kumadya njuci zobwera ku maluwa. Amatsatanso ng'ombe ndi nyama za m'thengo, pakuti mapazi ao amadzidzimutsa ziwala zobisala mu udzu. Lupsa likayaka, pamene zamoyo zina zonse ziri kuthawa, mthengu amathamangira kumeneko, nauluka m'mbali mwa utsi kugwira tizirombo tothawa moto.

M'zonsezi muli khama ndi ucenjezi, ndipo palibe cimene munthu angamudzudzule naco. Koma pali njira inanso imene mthengu amapezera cakudya, ndipo imeneyi ndiyo mutu wa nkhani.

Zimene zinaoneka ku Kalahari

Ku cipululu ca Kalahari, pafupi ndi mtsinje wa Kuruman m'dziko la South Africa, kuli malo kumene anthu a sayansi akhala zaka zambiri akuyang'anira moyo wa nyama ndi mbalame. Kumeneko kuli tinyama tochedwa meerkat, abale ace a msulu, timene timayenda m'magulu ndi kumakumba mcenga kufuna cakudya. Kulinso mbalame zoyera za mapiko akuda, zochedwa pied babbler, zimene nazonso zimayenda m'magulu ndi kumafukula pansi ndi milomo. Wokumba ali yense ali ndi bvuto limodzi: mutu ukakhala m'dzenje, maso saona kumwamba. Cifukwa cace magulu awa amasowa mlonda.

Mthengu amaitenga nchito imeneyi popanda womutuma. Amatera pa citsamba pamwamba pa okumbawo, ndipo kabawi akaoneka amakuwa mfuu ya ngozi, onse nathawira ku mauna ndi m'zitsamba. Mfuu imeneyi ndi yoona, ndipo imapulumutsa miyoyo. Pakakhala bata amalira kaliu kena kapansi-pansi mobwereza-bwereza, kamene kamadziwitsa okumbawo kuti mlonda alipo. Andrew Radford ndi anzace anaonetsa m'caka ca 2011 kuti mbalame zofukulazo zikamamva kaliu kameneka zimaleka kuceuka-ceuka, zimamwazikana momasuka, ndipo zimapeza cakudya cambiri kuposa pamene palibe mlonda.

Tsono tsiku lomwelo, mlonda yemweyo akaona kuti wina wafukula cinthu conona, monga mbozi yaikulu ya m'nthaka, nkhululu, cinkhanira kapena buluzi, amakuwa mfuu ya ngozi kumwamba kulibe kanthu. Mwini cakudya amacitaya nathawa, ndipo mthengu amatsika nacitola. Tom Flower ndi anzace anatsata amthengu 64 kwa maola mazana ambiri, ndipo zimene anapeza anazifalitsa m'caka ca 2014. Anawerenga mitundu 51 ya mfuu za ngozi imene amthengu a kumeneko amalira, ndipo yambiri mwa iyo ndi yotsanzira mfuu za mbalame ndi nyama zina, kuphatikizapo za omwe ali kuberedwawo. Anapezanso kuti pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo anai a cakudya cao limacokera m'kulanda kotere. Codabwitsa koposa ndi ici: mthengu akabwereza mfuu imodzi-modzi kwa wokumba mmodzi, wokumbayo amayamba kuinyozera, pamenepo mthengu amasintha, nalira mfuu ya mtundu wina, ndipo wokumba uja amathawanso.

Pali zinthu zina zitatu zimene ofufuza a pa malo amenewa anaona, ndipo nzofunika kuzisunga m'mutu. Coyamba, kulandaku kumacuruka m'mamawa wa masiku ozizira, pamene tizirombo touluka tasowa ndipo njala yamugwira mthengu. Caciwiri, amakonda kulanda ana osakhwima, amene amacedwa kumeza cimene apeza ndipo amathawa msanga. Cacitatu, monga analembera Amanda Ridley ndi Nichola Raihani m'caka ca 2007, magulu ang'ono-ang'ono a mbalame zofukulazo amamulola mthengu ndi kumudalira, cifukwa alibe alonda okwanira a iwo eni, pamene magulu akulu-akulu amamupirikitsa.

Pamene nthano ya ku sukulu iperewera

Ana ambiri anaphunzira ku sukulu nthano ya Aesop, Mgriki wakale, yonena za mbusa wamng'ono amene ankakuwa kuti kwabwera cirombo pamene kunalibe, kufikira tsiku limene cirombo cinabweradi ndipo anthu sanamumvere. Makolo nao anasiya mwambi wakuti bodza liribe mwendo. Nthanoyo ndi mwambiwo zimaphunzitsa cinthu cimodzi: wabodza amagwidwa, ndipo bodza limamupweteka mwini wace.

Moyo wa mthengu umaonetsa kuti zimenezi sizicitika nthawi zonse. Iye amanama ndipo amakhuta. Mtundu wace sukutha, wadzaza thengo lonse. Kusiyana kwace ndi mbusa wa m'nthano uja ndi kwakuti mthengu amanama mwa muyeso: zoona zace zimakhala zokwanira kusunga cikhulupiriro ca omumvera, ndipo bodza lace amalibveka cobvala catsopano nthawi ndi nthawi. Mnyamata wocenjera akamva izi angathe kunena mumtima mwace kuti colakwa ca mbusa uja cinali kupusa cabe, ndipo kuti wodziwa kuyeza bodza lace alibe coopa. Ngati cifukwa cokha conenera zoona ndi kuopa kugwidwa, mnyamatayo walasa, ndipo cilungamo catsala kukhala lamulo la opusa ndi amantha okha.

Woimira mthengu pa bwalo angathenso kunena mau a mphamvu ndithu. Anganene kuti okumba aja amapindula kwambiri kuposa zimene amataya, pakuti kutaya nkhululu imodzi sikungafanane ndi kutaya moyo. Anganene kuti mlonda ali yense ayenera malipiro, ndipo popeza palibe womulipira, amangodzitengera gawo lace. Anganenenso kuti umu ndi mmene cilengedwe ciliri, kuti wamoyo ali yense amadya mwa nzeru zace. Mau awa si acabe, ndipo amamveka tsiku ndi tsiku pakamwa pa anthu a m'maofesi, m'masitolo ndi m'misika. Asanayankhidwe, nkwabwino kuona cimene cimamucitikira mthengu kwace, pa cisa.

Cisa ndi mazira

M'dziko la Zambia amthengu ambiri amamanga zisa m'nyengo yotentha, kuyambira September kufikira November, mitengo ya mombo itaphuka masamba atsopano ndipo mvula iri pafupi. Amasankha mphanda ya nthambi yopingasa, kutali ndi thunthu, pamwamba ndithu. Pamenepo amaluka cisa cosaya conga kambale, ca timizu, timitsitsi ta zomera zoyanga ndi timapesi ta masamba, nacimangirira ku mphandayo ndi ulusi wa kangaude. Cisaco ndi copyapyala kotero kuti nthawi zina munthu woima pansi amaona mazira kupyola m'mipata yace, komabe ndi colimba, ndipo mphepo siicigwetsa msanga. Wamkazi amaikira mazira awiri, atatu kapena anai. Amawafungatira masabata awiri ndi masiku owerengeka, ndipo ana akaswa makolo onse awiri amawadyetsa kufikira atauluka, patapita pafupi-fupi masabata atatu. M'nyengo imeneyi ukali wa mthengu umawirikiza, ndipo ngakhale munthu wokwera mtengowo amakanthidwa pamutu.

Koma pali mdani amene ukali sumuletsa. Ndi mbalame yotuwa, ya mizere-mizere pamimba, yooneka ngati kabawi wamng'ono, imene m'Cingelezi imachedwa African cuckoo. Mbalameyi siimanga cisa, ndipo siilera ana. Yaikazi imazembera cisa ca mthengu, nicotsamo dzira limodzi, niikiramo lace. Dziralo likaswa, mwanayo, akali wosaona ndi wopanda nthenga, amasenza pamsana mazira kapena ana a mwini cisa, nawakankhira kunja mmodzi-mmodzi. Pamenepo amthengu amagwira nchito ya nyengo yonse kudyetsa mlendo amene wapha ana ao, mpaka atakula kuwaposa.

Citetezo ca mthengu ciri pa cikhungwa ca dzira. Mazira a amthengu safanana. Ena ndi oyera, ena otuwira ngati mkaka, ena ofiirira. Ena alibe banga, ena ali ndi timadontho, ena ali ndi mawanga akulu-akulu. Wamkazi ali yense amaikira mazira a maonekedwe ace-ace moyo wace wonse, monga munthu ali ndi kasainidwe kace. Mbalame yozembera ija imatha kutsanzira mitundu yonseyi mwaluso, koma yaikazi iri yonse iri ndi mtundu umodzi wokha, ndipo siisankha cisa cofanana ndi dzira lace. Jess Lund, Claire Spottiswoode ndi anzao anafufuza zimenezi m'minda ndi m'thengo la ku Choma, m'cigawo ca kumwera kwa Zambia, mothandizana ndi anthu a kumeneko odziwa kufuna zisa. M'caka ca 2023 anafalitsa kuti mwa mazira 100 ali onse oikiridwa mozembera, oposa 90 amazindikiridwa ndi kutayidwa kunja. Motero mbalame imene imadya ndi cinyengo ku thengo imakhala ndi ana cifukwa cakuti kwace siilola cinyengo ngakhale pang'ono. Imayang'anitsitsa dzira liri lonse, ndipo losiyana kadontho imalikana.

Kuweruza mlandu

Pa mlandu uwu mbalameyo iyenera kumasulidwa poyamba. Palibe umboni wakuti mthengu amadziwa kuti ali kuika ganizo lonama m'mutu mwa mnzace. Ofufuza omwewo amacenjeza kuti mwina anangophunzira kuti kulira kwakuti-kwakuti kumagwetsa cakudya, ndipo kuti kulira kumodzi kukaleka kugwira nchito kwina kumagwira. Sanalonjeze kanthu kwa wina ali yense, ndipo sangakhale pansi ndi kudzifunsa ngati wacita bwino. Munthu angathe kucita zonsezi. Cifukwa cace mau akuti umu ndi mmene cilengedwe ciliri sathandiza munthu pa bwalo. Cilengedwe comweco ciri ndi mwana wa mbalame wokankhira anzace kunja kwa cisa, ndipo palibe amene anganene kuti mwana wa munthu atengere pamenepo. Thengo limaonetsa mmene zinthu zimayendera ndi zotsatira zace. Za coyenera ndi cosayenera munthu amaziweruza ndi nzeru ndi cikumbumtima.

Cimene thengo limaonetsa poyera ndi cakuti bodza liribe cuma cace-cace. Mfuu yonama ya mthengu imagwira nchito cifukwa ca mfuu zoona, zace ndi za mbalame zina zimene amazitsanzira. Mbalame zonse zikadakhala zonama, palibe ikadathawa pomva mfuu, ndipo kunama kukadakhala kungotaya mau. Immanuel Kant, wanzeru wa ku Königsberg, anafotokoza mfundo yotere m'caka ca 1785 ponena za munthu wokongola ndalama ndi lonjezo limene adziwa kuti sadzalisunga. Anati munthu adzifunse ngati angafune kuti cimene ali kucitaco cikhale lamulo la anthu onse. Ndipo lonjezo lonama silingakhale lamulo lotere, pakuti onse atamacita motero malonjezo angathe, ndipo wonamayo sangapezenso womukhulupirira. Wabodza tsono amafuna kuti ena onse azinena zoona, iye yekha apatulidwe. Kukhulupirirana kuli ngati nkhokwe ya mudzi imene ali yense wonena zoona amathiramo citsononkho ca cimanga cace, ndipo wabodza amafika usiku kudzatapamo. Ngakhale atatapa pang'ono, ngakhale asagwidwe mpaka kufa, cimene wadyaco ndi ca eni ace. Apa ndi pamene pali muzu wa mlandu, ndipo sudalira kugwidwa kapena kusagwidwa.

Nanga mau aja akuti mlonda ayenera malipiro? Ndi oona, ndipo mudzi umene umagwiritsa munthu nchito osamulipira mokwanira uli ndi mlandu wace. Koma malipiro ndi cinthu cimene anthu awiri amapangana masana, wina napereka akudziwa, wina nalandira poyera. Njira yoyesera ndi yapafupi: kodi wotengayo angathe kunena cimene ati acite asanacite? Mlonda angathe kunena kuti, ndikulonderani, koma mundipatse gawo lakuti. Sangathe kunena kuti, ndidzakuwa monama kuti mutaye cakudya canu, pakuti akangonena, njirayo yafa. Ciri conse cimene cimafa cikanenedwa poyera sicingachedwe malipiro. Wocepekedwa malipiro ali ndi njira zoyera: kupempha, kudandaula pamodzi ndi anzace, kapena kusiya nchitoyo.

Mau akuti opindula ndi ambiri kuposa otaya nao ayenera kufunsidwa kuti, wotayayo ndani? Ku Kalahari olandidwa kawiri-kawiri ndi ana osakhwima, ndipo omudalira mthengu ndi magulu ocepa amene alibe mlonda wina. Pakati pa anthu ziri cimodzi-modzi. Wonyenga sayesa mwini sitolo wodziwa masamu. Amayesa nkhalamba yosaona bwino, mai wamasiye, mlendo wosadziwa cinenero. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo munthu amene anthu sangacitire mwina koma kumudalira ndiye amene ali ndi mpata waukulu wowadyera. Kukula kwa thandizo lace sikucepetsa mlandu. Kumangoonetsa kukula kwa cikhulupiriro cimene waciponda.

Pali funso lina lobvuta limene anzeru sanagwirizanepo, lakuti kodi munthu anganame kuti apulumutse moyo wa mnzace. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, analemba za bodza ca m'ma 395 ndipo anakana bodza la mtundu uli wonse. Kant nayenso m'caka ca 1797 anakana, ngakhale kwa wakupha wofunsa kumene kwabisala munthu. Anthu ambiri oganiza amaona kuti apa awiriwa anaumitsa kopitirira. Koma funso limenelo siliyenera kusokonezedwa ndi la mthengu. Bodza lobisa wothawa limapindulira wothawayo, ndipo wonamayo amaika moyo wace pa ngozi. Bodza la mthengu limathera m'mimba mwa mwini wace.

Mlonda wa m'mudzi

Mnyamata kapena msungwana amene watsiriza sukulu amasanduka mlonda wa anthu a kwao, afune asafune. Iye ndiye amawerenga kalata ya ku boma, pepala la ngongole ya feteleza ndi malangizo a pa botolo la mankhwala. Akapeza nchito, ndiye amaima pa sikelo pogula cimanga ndi thonje, amalemba maina a olandira thandizo, amakhala m'kanyumba kotumizira ndalama pa foni, kumene agogo amamupatsa foni yao ndi kumuuza nambala yacinsinsi. Anthu amenewa ali ngati okumba aja: mitu yao iri ku munda, ndipo za kumwamba amazimvera kwa iye. Makolo anadziwa kuopsa kwa kumvera zinthu kupyolera mwa wina pamene anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Yesero la mlonda wotere silifika ngati kuba kwakukulu. Limafika ngati theka la kilogalamu pa thumba liri lonse, ngati kandalama koonjezera kamene akuti ndi ka boma pamene si ka boma, ngati mau akuti mukacedwa kugulitsa lero mawa mtengo ugwa, onenedwa ndi munthu wodziwa kuti sugwa. Mau otsirizawa ndi mfuu yeni-yeni ya mthengu: kuopseza munthu ndi ngozi yosakhalapo kuti ataye cimene ali naco m'manja. Ndipo wocita izi amadzitonthoza ndi mau omwe aja, kuti amawathandiza anthuwa zambiri, kuti malipiro ace ndi ocepa, kuti onse amatero.

Cimene amaononga cimadzaoneka tsiku la ngozi yoona. Pamene mbozi zoononga cimanga zocokera ku America zinabuka m'minda ya Zambia kumapeto kwa caka ca 2016, alimi anayenera kumvera msanga alangizi a zaulimi. Pamene kolera inafala m'dzikoli mu 2023 ndi 2024, miyoyo inadalira kuti anthu akhulupirire mau a a zaumoyo akuti madzi aphitsidwe kapena athiridwe mankhwala, ndi kuti wodwala apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Pa nthawi zotere mudzi umatapa m'nkhokwe ya kukhulupirirana, ndipo ngati anthu ophunzira akhala akuitapa kale ndi timabodza ta pa sikelo, imapezeka yopanda kanthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu limene latsinidwa kambiri pacabe limaleka kumva. Wobvutika pamenepo sakhala wonama uja yekha monga m'nthano ya mbusa; amakhala mwana wa munthu wina amene sananamepo.

Ndipo wonyenga nayenso ali ndi cisa. Tsiku lina amadwala nafuna dokotala woona, amatuma mwana ku sukulu nafuna mphunzitsi woona, amagula mbeu nafuna kuti zolembedwa pa thumba zikhale zoona. Amakwiya akanyengedwa monga akwiyira mthengu poona dzira lacilendo, ndipo mkwiyo umenewo ndi umboni womutsutsa, pakuti ukuonetsa kuti lamulo amalidziwa bwino lomwe. Mudzi wodzala ndi anthu otere umakhala wotopetsa: ali yense amawerenga ndalama katatu, amanyamula sikelo yace, amafuna mboni pa kanthu kali konse, ndipo mphamvu zimene zikadalima munda zimathera m'kulondana.

Magulu akulu a mbalame zofukula aja amapereka phunziro lotsiriza. Iwo sabvutika ndi mthengu cifukwa ali ndi maso ambiri a iwo eni. Wophunzira amene afuna kukhala mlonda wokhulupirika angathe kucita coposa kungodziletsa kunama. Angathe kucurukitsa maso. Atembenuze sikelo kuti wogulitsa aone yekha pamene muvi waima. Awerenge kalata yonse mokweza, ndi mau osakoma omwe, pamaso pa mboni. Alembe lisiti ngakhale kwa munthu wosadziwa kuwerenga, kuti akaonetse mdzukulu wace kunyumba. Aphunzitse amai ace kusunga okha nambala yao yacinsinsi, ndi mng'ono wace kuwerengera mtengo wa thumba. Pocita izi amadzicotsera yekha mpata wodyera anthu, ndipo kudalirika kwace kumaleka kukhala kwa khoswe wa pa mkhate. Mbalame siingasankhe kucita cotere, pakuti njala ya m'mawa wozizira ndiyo imailamula. Munthu angathe kusankha, ngakhale ali ndi njala, ndipo anthu a kwao amadziwa m'kupita kwa zaka cimene anasankha: mau ace akamveka kuti kwagwa ngozi, amasiya makasu nthawi yomweyo osafunsana.